Mafunso Anu pa Rugby: Mkangano wa Mayina 23 a Timu ya Ireland

Masewero a timu ya Ireland akamayandikira, makalata anu amachuluka, makamaka ochokera kwa abale athu okhala ku Dublin, ku Britain ndi ku South Africa, kumene rugby imakambidwa m'basi ndi pantchito pomwe. Ambiri mumafunsa za munthu mmodzi: bwanji uyu amusiya, bwanji uyu amutenga. Komatu pepala limene mphunzitsi wa timuyi, a Andy Farrell, amapereka limakhala ndi mayina 23, osewera 15 oyamba ndi 8 a pa benchi, ndipo dzina lililonse limakoka linzake. Mafunso tasankhawa akuonetsa mmene kukokanako kumayendera.

FUNSO: Anthu a ku Cork akuti jezi ya nambala 10 ndi ya Jack Crowley, a ku Dublin akuti ndi ya Sam Prendergast. Kodi wovala jezi imeneyi amasankhidwa poona chiyani, ndipo inu mukanayambitsa ndani? (Wowerenga wa ku Dublin)

YANKHO: Achimwene, mkangano mwaupezawu ndi wakale kuposa anyamata awiriwo. Mu 1979 timuyi ili ku Australia, Tony Ward anamukhazika pansi n'kuika Ollie Campbell. Ward ameneyu ndi yemwe chaka cham'mbuyo mwake anali m'timu ya chigawo cha Munster (kumene kuli Cork) imene inagonjetsa All Blacks, timu ya New Zealand, 12-0 ku Thomond Park, choncho anthu anakwiya kwambiri. Campbell anapambanitsa masewero onse awiri, mkwiyo n'kuzizira. Kenaka kunabwera David Humphreys wa Ulster ndi Ronan O'Gara wa Munster, kenakanso O'Gara yemweyo ndi Johnny Sexton wa Leinster. Pa World Cup ya 2011, Sexton ndiye anayamba pokumana ndi Australia, koma pofika mu kotafainolo mphunzitsi wa nthawiyo, a Declan Kidney, anali atabwerera kwa O'Gara, ndipo Wales inawatulutsa 22-10.

Sexton atapuma mu 2023, Crowley wa Munster anayamba masewero onse asanu a Six Nations (mpikisano wa matimu asanu ndi imodzi a ku Ulaya) ya 2024, kuphatikizapo aja a ku Marseille amene Ireland inakwapula France 38-17, ndipo chikho anatenga. Prendergast wa Leinster, yemwe ndi wamng'ono kwa Crowley ndi zaka zitatu, analawa jezi ya dziko mu November chaka chomwecho pokumana ndi Argentina. Mu Six Nations ya 2025, imene timu inali m'manja mwa a Simon Easterby pamene a Farrell ankakonzekera ulendo wa British and Irish Lions (timu ya osewera osankhidwa a ku Britain ndi Ireland), Prendergast anayamba masewero anayi oyamba. France itawaswa 42-27 pakhomo pawo, Crowley anabwerera pa masewero omaliza a ku Rome.

Tsono zimene mphunzitsi amayang'ana. Choyamba ndi mapointi a phazi. Penate ndi mapointi 3, conversion ndi 2, ndipo masewero ambiri a matimu akuluakulu amatha ndi kusiyana kosapitirira try imodzi (chigoli cha mapointi 5). Womenya amene waphonya mipira itatu yosavuta wataya mapointi amene anzake anawakhetsera thukuta mu scrum (pamene osewera 8 a mbali iliyonse amakankhana kulimbirana mpira).

Chachiwiri ndi kutulutsa timu m'dera lake. Mpira ukakhala mkati mwa mzere wa mamita 22 a kwanu, nambala 10 ayenera kuuponya kutali ndi phazi, ndipo apa Prendergast ali ndi mphatso: mpira wake umazungulira ngati chipolopolo n'kupita patali. Chiyambire 2021 pali lamulo la 50:22, loti ukamenya mpira uli m'theka la kwanu, n'kudunda pansi kenaka n'kutulukira mkati mwa mamita 22 a adani, lineout (kuponya mpira m'bwalo kuchokera m'mbali) imakhala yanu. Timu imene ikuopa phazi lotere imabweza wing wake kumbuyo kuti atchinge, ndipo kutsogolo kumatsala anthu ochepa. Phindu limeneli silioneka pa bolodi la zigoli, koma aphunzitsi amaliwerengera.

Chachitatu ndiye pagona nkhani: kutchinga. Timu iliyonse ikapeza lineout kapena scrum pamalo abwino, imatumiza chimphona chake, nambala 8 kapena nambala 12, molunjika pa nambala 10 wa adani. Akalephera kumugwetsa, kapena akamugwetsa atakokedwa mamita asanu, anzake onse ayenera kuthamangira m'mbuyo, ndipo mpira wotsatira umatuluka iwo asanafole. Crowley ndi wolimba pamenepa. Prendergast ndi wamtali, amagwira mdani m'mwamba, ndipo apa m'pamene omutsutsa amaloza chala. Njira yomubisa ilipo: nambala 7 amaima pafupi naye, kapena iye amapita kumbuyo kukadikira mipira ya phazi. Koma nambala 7 (flanker) amene akulondera mnzake sangathe kukalanda mpira pa ruck (pamene amalimbirana mpira munthu akagwetsedwa), ndiye kuti mwagula chimodzi n'kugulitsa china.

Ife tikanati: pokumana ndi France kapena South Africa, amene amakuponderezani ndi thupi mphindi 80 zonse, ayambe Crowley. Pamasewero amene Ireland ikuyembekeza kukhala ndi mpira nthawi yaitali pabwalo louma, Prendergast amatsegula mipata imene ena saiona, chifukwa amadikira mpaka wotchinga atamufika pamphuno asanapatsire. Palinso chinthu china chimene chimamupweteka Crowley popanda kulakwa kwake. Iye amatha kusewera pa 10, pa 12 ndi pa 15. Munthu wotere ndi golide pa benchi, moti luso lake lomwelo ndi limene nthawi zina limamuveka jezi ya nambala 22.

FUNSO: Kuno Springboks imaika ma forward 6 kapena 7 pa benchi ndipo zimayenda. Bwanji Ireland imachita mantha kutengera? (Wowerenga wa ku Johannesburg)

YANKHO: Bambo, Ireland inayesa, ndipo zipsera zake zilipo. Tiyambe ndi mmene benchi yachizolowezi imakhalira. Nambala 16 ndi hooker, 17 ndi loosehead prop, 18 ndi tighthead prop, 19 ndi lock, 20 ndi wa mzere wakumbuyo wa scrum. Amenewa ndi ma forward asanu. Kenaka 21 ndi scrum-half, 22 ndi wolowa m'malo mwa nambala 10, ndipo 23 ndi wa pakati kapena wa m'mbali. Iyi ndiyo amati 5-3. Mukafuna 6-2, mumachotsa back mmodzi, moti anthu awiri okha ndi amene akulondera malo asanu ndi awiri, ndipo mmodzi mwa awiriwo ndi scrum-half.

Phindu lake n'lodziwika. Pofika mphindi 50, ma forward a adani amakhala atatopa, inu n'kulowetsa anthu 6 atsopano mwa 8. Scrum imayamba kubala ma penate, maul imayamba kuyenda. South Africa inatenga World Cup ya 2019 ndi 6-2, ndipo mu fainolo ya 2023 inagonjetsa New Zealand 12-11 ili ndi 7-1, Willie le Roux ali back yekhayo pa benchi. Koma kumbukiraninso kuti mu mpikisano womwewo, pa 23 September ku Paris, 7-1 yomweyo inagonja kwa Ireland 13-8, ngakhale kuti tsiku limenelo Springboks inadzipweteka yokha pophonya mipira inayi yomenyera kumitengo.

Chimene chimalakwika chinaoneka ku Twickenham mu March 2024. Ireland inapita ndi 6-2, ma back a pa benchi ali Conor Murray ndi Ciarán Frawley. Masewero atangoyamba, wing Calvin Nash anagunda mutu n'kutuluka. Frawley analowa pa 15, Hugo Keenan n'kusunthira ku wing. Chigawo chachiwiri chili mkati, Frawley nayenso anatuluka atavulala. Panalibe wina wotsala koma Murray, choncho Jamison Gibson-Park, amene liwiro lake pa ruck ndiye injini ya timuyi, anakathera ku wing. England inapambana 23-22 ndi drop goal ya Marcus Smith pamapeto penipeni, ndipo Grand Slam (kupambana masewero onse asanu a Six Nations) yachiwiri yotsatizana inathera pomwepo.

Patatha chaka, France inabwera ku Dublin ndi 7-1, Maxime Lucu ali back yekhayo. Antoine Dupont anavulala bondo m'chigawo choyamba, Lucu n'kulowa. Kenaka centre Pierre-Louis Barassi anatuluka, ndipo amene anakaima pakati anali flanker, Oscar Jegou. Mnyamatayo anasewera ngati anabadwira pamalopo, try n'kugoletsa. Apa m'pamene pali kusiyana. Njira imeneyi imayenda ngati muli ndi ma forward othamanga ngati ma back, monga Jegou kapena Kwagga Smith wa kwanuko, ndiponso ngati masewero anu amadalira mphamvu. Ireland imadalira kulumikizana: ma forward amaima m'timagulu ta anthu atatu, mpira umadutsa kumbuyo kwawo kupita kwa nambala 10, ndipo ruck iliyonse iyenera kutha m'masekondi osapitirira atatu. Mukachotsa munthu mmodzi pamalo ake, tcheni chonse chimalira.

Choncho musanaweruze benchi, werengani kaye ma back oyamba n'kudzifunsa kuti nambala 15 akatuluka mphindi yachisanu apita ndani, nanga nambala 13 akatsatira. Ngati pali Jamie Osborne, amene amasewera pakati, ku wing ndi pa 15, ndiponso Crowley ali pa benchi, 6-2 ili ndi pothawira. Popanda anthu otere, Ireland ikhale pa 5-3.

FUNSO: Timuyi imatchedwa Ireland, koma ndikawerenga mayina ndimaona ngati ndi Leinster yavala zobiriwira. Kodi si kukondera kumeneku? (Wowerenga wa ku Limbe)

YANKHO: Mayi, dandaulo lanuli mukalimva ku Limerick, ku Belfast ndi ku Galway sabata iliyonse ya masewero. Bungwe la IRFU limayendetsa rugby pachilumba chonse, Republic of Ireland ndi Northern Ireland pamodzi, kudzera m'matimu anayi: Leinster, Munster, Ulster ndi Connacht. Kuti Leinster yachuluka n'zoona. Ngakhale pa ulendo wa Lions wa 2025, mwa osewera 15 a ku Ireland amene anatchulidwa poyamba, 12 anali a Leinster.

Gwero lake lili kusukulu. Dublin ili m'chigawo cha Leinster, ndipo kumeneko kuli sukulu zolipira zimene zimaphunzitsa rugby ngati kalabu: aphunzitsi olembedwa ntchito, jimu, mavidiyo. Blackrock College inatulutsa Brian O'Driscoll, Garry Ringrose, Caelan Doris ndi Hugo Keenan. St Michael's College inatulutsa James Ryan, Rónan Kelleher ndi Ryan Baird. Mnyamata wa zaka 18 wochokera kumeneko amafika ku akademi atadziwa kale zimene mnzake wa kumudzi ku Mayo kapena ku Kerry adzaziphunzire ali ndi zaka 21. Ngati pali kupanda chilungamo, kumayambira pamenepo, mphunzitsi wa dziko asanagwire cholembera.

Chachiwiri ndi nthawi. Six Nations isanayambe, timu imakhala pamodzi pafupifupi masabata awiri okha, masiku ena mwa amenewo ali ku kampu ya ku Portugal. Hooker amene amaponyera lock yemweyo chaka chonse amadziwa kutalika kwa dzanja lake ngakhale atatsinzina. Osewera awiri akafanana mphamvu, mphunzitsi amatenga amene amadziwana kale ndi oyandikana naye.

Komabe odandaula ali ndi mfundo. Munthu sangaonetse kuti angathe pa mlingo wa dziko ngati sapatsidwa mpata, ndipo anthu ngati John Cooney wa Ulster ndi Gavin Coombes wa Munster anakhala zaka akuwala kumakalabu awo koma jezi yobiriwira akuiona patali. Leinster yomweyo inagonja mu fainolo ya Champions Cup zaka zitatu zotsatizana, 2022 ndi 2023 kwa La Rochelle, 2024 kwa Toulouse, ndipo Ireland sinadutsepo kotafainolo ya World Cup chiyambire. Anthu omwewo akamapunthwa pa chitsa chimodzimodzi atavala jezi ziwiri zosiyana, funso loti mwina pakufunika mawu achilendo m'chipinda chovalira si lopusa. Kulumikizananso kumene kumatamandidwako kuli ndi malire. Chibwerereni a Jacques Nienaber, amene anali mphunzitsi wa Springboks, ku Leinster kumapeto kwa 2023, kalabuyi imatchinga mothamangira adani mwaukali monga Springboks, pamene timu ya dziko ili ndi katchingidwe kake. Osewera omwewo amayenera kusintha malingaliro akalowa mu kampu.

FUNSO: Chifukwa chiyani pa benchi pamakhala ma prop awiri ndi hooker nthawi zonse, ngakhale pali wosewera wina wabwino kuposa iwo amene watsala kunyumba? (Wowerenga wa ku Lusaka)

YANKHO: Ili ndi lamulo, bambo, mphunzitsi alibe chonena. Timu ya osewera 23 iyenera kukhala ndi anthu 6 ophunzitsidwa kusewera mzere wakutsogolo wa scrum, kuti loosehead, hooker ndi tighthead aliyense akhale ndi womulowa m'malo. Cholinga n'kuteteza makosi. Munthu wosaphunzira akalowetsa mutu pamenepo, ma forward 16 akukankhana, akhoza kulumala.

Ma prop awiriwa si ntchito imodzi. Loosehead, nambala 1, amakhala kumanzere ndipo mutu wake uli kunja, phewa limodzi lokha ndi limene lasenza. Tighthead, nambala 3, mutu wake umalowa pakati pa hooker ndi loosehead wa adani, mapewa onse awiri ali pansi pa katundu. Ireland inaphunzira kusiyanaku mowawa pa 17 March 2012 ku Twickenham, nthawi imene benchi inkakhala ndi prop mmodzi yekha. Tighthead Mike Ross atavulala, Tom Court, amene malo ake enieni anali kumanzere, anakakamizidwa kupita kumanja. Scrum inaphwasuka, England n'kupambana 30-9. Owerengeka okha ndi amene amatha mbali zonse ziwiri. Andrew Porter anayamba kusewerera dziko ngati tighthead, kenaka mu 2021 anasamukira kumanzere kuti iye ndi Tadhg Furlong azilowa limodzi.

Timu ikasowa munthu woyenera pa amodzi mwa malo atatuwa, woyimbira amalamula scrum yosakankhana, ndipo nthawi zambiri timu imene yachititsa zimenezi imachotsedwa munthu wina. Italy inazionera ku Dublin mu 2022. Hooker woyamba, Gianmarco Lucchesi, anavulala, womulowa m'malo, Hame Faiva, anapatsidwa kadi yofiira, ndipo anatsala 13 pabwalo. Anagonja 57-6.

Chaka chotsatira tsoka lomwelo linagogoda pakhomo pa Ireland ku Murrayfield. Hooker Dan Sheehan anatuluka m'chigawo choyamba, womulowa m'malo, Kelleher, n'kuvulala phewa. Nkhanga zinapangana kusanapse: Cian Healy, amene ndi prop, anali wovomerezeka kusewera ngati hooker, choncho scrum inapitirira kukankhana ndipo Ireland inakhalabe 15. Mpira wa lineout ankaponya flanker, Josh van der Flier. Anapambana 22-7, ndipo sabata yotsatira anagonjetsa England 29-16 n'kutenga Grand Slam. Mukaona dzina pa nambala 17 limene simukulimvetsa, nthawi zina chifukwa chake chimakhala chotere.

FUNSO: Bundee Aki, James Lowe ndi Gibson-Park anabadwira ku New Zealand koma amasewerera Ireland. Pamene mwana weniweni wa ku Ireland akapita kukasewera ku France satengedwanso. Zikuyenda bwanji? (Wowerenga wa ku Manchester)

YANKHO: Apa pali malamulo awiri osiyana, achemwali, lina la World Rugby, lina la panyumba.

La World Rugby limati munthu angasewerere dziko limene anabadwira, limene kholo kapena gogo wake anabadwira, kapena limene wakhalamo nthawi yokwanira. Nthawiyo inali zaka zitatu pamene atatu mwatchulawa ankafika. Aki anabwera ku Connacht mu 2014 n'kuyamba kusewerera Ireland mu 2017. Gibson-Park anafika ku Leinster mu 2016, Lowe mu 2017, ndipo onse awiri anavala zobiriwira mu 2020. Pano nthawiyo anaikweza kufika zaka zisanu, moti khomo limeneli lachepa kwambiri. Mack Hansen ndi Finlay Bealham, obadwira ku Australia, nkhani yawo ndi ina: iwo analowera magazi, Hansen kudzera mwa mayi ake a ku Cork.

Mkangano waukulu pa nkhaniyi unabuka mu 2019, pamene a Joe Schmidt anatenga Jean Kleyn, wobadwira ku South Africa amene anali atangokwanitsa kumene zaka zitatu, kupita naye ku World Cup n'kusiya Devin Toner, mwini lineout wa zaka zambiri. Mapeto ake ndi oseketsa. Lamulo litasintha mu 2022 kuti munthu amene wakhala zaka zitatu osasewerera dziko lina angabwerere kudziko lobadwira, Kleyn anavala jezi ya Springboks ndipo mu 2023 anatenga World Cup akadali wosewera wa Munster.

La panyumba silinalembedwe m'buku lililonse, koma aliyense amalidziwa: ukachoka m'matimu anayi aja, jezi waisiya. Komabe Sexton anapitirira kutengedwa ali ku Racing ku Paris kuyambira 2013 mpaka 2015, chifukwa panalibe womufika. Simon Zebo atalengeza mu 2017 kuti akuchoka ku Munster (anapita ku kalabu yomweyo), dzina lake linachoka pa mndandanda nthawi yomweyo. Tadhg Beirne anayenda njira yobwerera: Leinster itamusiya anakawala ku Scarlets ku Wales, ndipo mu 2018 anasamukira ku Munster kuti atengedwe.

Chifukwa chake ndi ulamuliro pa thupi la wosewera. IRFU imalipira akatswiri ake mwachindunji, choncho ingathe kuuza Leinster kuti Furlong apume sabata ino. Kalabu ya ku France singamve zimenezo. Imamuseweretsa m'masabata opuma a Six Nations, ndipo imamumasula pa masiku okhawo amene malamulo a World Rugby amaikakamiza.

FUNSO: Tadhg Beirne azisewera pa lock kapena pa nambala 6? Ndipo bwanji Jack Conan amayambira pa benchi pamene ku Lions ankayamba? (Wowerenga wa ku Cape Town)

YANKHO: Funso lanu ndi la lineout, bambo, ngakhale simunaitchule. Timu imafuna anthu odumpha osachepera atatu, akakhala anayi ndiye bwino, ndipo wodumpha aliyense amanyamulidwa ndi anzake awiri. Pakhalenso mmodzi woitana, amene amayang'ana pamene adani aima n'kusankha kumene mpira upite. Odumpha akakhala awiri okha, adani amangoika munthu pa aliyense, ndipo hooker amakakamizika kuponya kutsogolo kwenikweni. Mpira wa kutsogolo ndi wotetezeka koma ndi wosauka: umafika kwa nambala 10 mochedwa, otchinga atafika kale. Ku Paris mu 2023, Ireland inataya mipira yake ingapo motsatizana kumayambiriro kwa masewero a Springboks aja, ina ili pafupi ndi mzere wogoletsera, ndipo ikanagonja nkhani yonse ikanakhala imeneyo.

Tsono onani mmene mayina amakokerana. Joe McCarthy ndi wolemera, amakankha kumbuyo kwa tighthead ndipo amaswa maul, koma kumunyamula ndi ntchito, choncho si wodumpha woyamba. Mukamuphatikiza ndi Beirne pa lock, nambala 6 ayenera kukhala wodumpha weniweni. Kwa zaka zambiri ameneyu anali Peter O'Mahony, katswiri wolanda mipira ya adani m'mwamba, amene anasiya kusewerera dziko itatha Six Nations ya 2025. Ryan Baird ndi amene thupi lake likufanana ndi ntchitoyo. Njira ina n'kuika McCarthy ndi James Ryan pa lock, Beirne n'kupita pa 6. Mukatero scrum imalemera, odumpha amakwana, ndipo Beirne amamasuka kukasaka mipira pa ruck. A Farrell anamuika pa 6 m'masewero a Lions ku Australia, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana pa masewero atatuwo. Mtengo wake ndi liwiro: timu yothamangitsa mpira m'mbali ngati Scotland imakondwa kuona anthu atatu a thupi la lock pabwalo limodzi.

Za Conan n'zosavuta. Malo ake ndi nambala 8, ndipo pamenepo pali Caelan Doris, kaputeni wa timuyi kuyambira November 2024. Ku Lions mu 2025 Doris kunalibe chifukwa cha phewa. Kuwaika onse awiri n'kotheka, mmodzi pa 6 kapena Doris pa 7, koma ndiye kuti mwina lineout yachepa wodumpha, mwina van der Flier, amene mu 2022 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana padziko lonse, wakhala pansi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ife tikanasankha Beirne pa 6 pokumana ndi France, England ndi South Africa, Conan n'kulowa mphindi 30 zomaliza adani atayamba kupuma ndi pakamwa.

FUNSO: Timu imalengezedwa liti, ndipo ingasinthe ikalengezedwa? (Wowerenga wa ku Zomba)

YANKHO: Kawirikawiri masiku awiri masewero asanachitike, Lachinayi ngati akusewera Loweruka. Osewera eni ake amakhala atauzidwa kale kumayambiriro kwa sabata, chifukwa masewero olimbitsa thupi amachitika oyamba 15 akulimbana ndi otsalawo, amene amatsanzira kaseweredwe ka adani. Kusintha n'kololedwa munthu akavulala kapena kudwala, ngakhale mphindi zochepa likhweru lisanalire. Lowe anatuluka pa nthawi yotenthetsa thupi tsiku la France lija mu 2025, Nash n'kulowa. N'chifukwa chake timu imapita kubwalo ndi anthu owonjezera amene sali pa pepala la 23.

Zinthu ziwiri zimamanga manja a mphunzitsi sabata isanayambe n'komwe. Wosewera amene wapezeka kuti ubongo unagwedezeka amakhala masiku osachepera 12, kupatula ochepa amene alibe mbiri ya vutoli ndipo dokotala wapadera wawavomereza, amene angabwerere pa tsiku la 7. Kumene masewero atsatizana Loweruka ndi Loweruka, munthu wotero musamuwerengere. China ndi chilango. Ringrose anapatsidwa kadi yofiira ya mphindi 20 ku Cardiff mu February 2025. Tsiku limenelo Aki analowa mphindizo zitatha ndipo Ireland inapambana 27-18, koma chiletso chimene chinatsatira chinamuchotsa Ringrose pa masewero a France, moti Robbie Henshaw anasunthira pa 13, Aki n'kuyamba pa 12.